Firiji ya -80°C: tisazizitse katemera n'kutenthetsa dziko

Katemera wambiri wofika kuzipatala za ku Katuli amangofuna firiji wamba, pakati pa 2°C ndi 8°C. Koma wa Covid-19 wa Pfizer ankasungidwa pa -70°C asanatumizidwe kumidzi. Kuti afikire kuzizira kotereku, akatswiri amalumikiza makina awiri, njira yotchedwa cascade. Makina apansi amatola kutentha m'bokosi n'kupatsira apamwamba, apamwambawo n'kutaya panja, ngati kupatsirana njerwa pamzere.

Makina aliwonse ali ndi gasi wakewake, ndipo wapansi ayenera kuwira pozizira kwambiri. Kwa zaka zambiri ankadalira R23, amene amawira pa -82°C ndipo sayaka. Koma kilogalamu imodzi yokha ikathawa, imatenthetsa dziko ngati makilogalamu 14,800 a carbon dioxide. Ethane amawira pa -89°C, propane wa makina apamwamba pa -42°C, ndipo onsewa satenthetsa dziko kwenikweni.

Ine ndikuti boma ndi mabungwe azigula mafiriji a ethane ndi propane. Wina afunsa, "Nanga si amayaka?" Eya, amayakadi. Koma amathiramo pang'ono chabe, ndipo mmisiri wodziwa ntchito amaipewa ngoziyo. R23 akathawa palibe angamugwire: amakhala mumlengalenga zaka zoposa 200, ife tikulira chilala ndi madzi osefukira.

Pangano la ku Kigali la 2016 likuti magasi ngati R23 achepetsedwe, ndipo Malawi adalivomereza. Ndiye pafunika amisiri odziwa magasi atsopanowa. Inu a Fomu 3 ndi 4, Physics ndi Chemistry musaithawe, ntchitoyi ikudikira inu.