Namwino akakukalipirani, funsani kuti wagona maola angati

 Pepani ndakhala chete masabata angapo. Malume anga anagonekedwa m'chipatala ndipo gadiyani ndinali ine.

Usiku wachitatu dilipi inatha. Nditapita kukauza namwino, osatukula n'komwe mutu anangoti, "Ndili ndi manja awiri okha, dikirani!" Zinandiwawa. Atatembenuka tinazindikirana. Anali mtsikana amene ndinam'phunzitsa Bayoloje ku Fomu 4, mwana wofatsa amene ankaperekeza anzake akadwala. Anagwira pakamwa. "Pepani aphunzitsi, sindinakuoneni."

Kutacha anandiuza kuti usiku wonse anali yekha m'wodimo, ndipo masana ake anali atagwiranso lokamu kuti apeze fizi ya mng'ono wake. Koma mawu amene anandiopsa ndi awa: "Aphunzitsi, masiku ano wodwala akamwalira sindimva chilichonse."

Ife timathamangira kunena kuti anamwino a masiku ano ndi amwano. Ine ndikuti ambiri mwa iwo atopa kufika pomwe ubongo wasintha kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo kuwatukwana pa wailesi sikungachize zimenezi.

Vutoli pa Chingerezi amati burnout. Amene anatchukitsa mawuwa ndi Herbert Freudenberger mu 1974, ataona anthu odzipereka pa kiliniki yaulere ku New York akufooka mmodzimmodzi. Christina Maslach anafotokoza zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuuma mtima kwa anthu amene ukuwathandiza, ndi kudziona ngati palibe chimene ukuphula. Mu 2019 bungwe la WHO linanena kuti gwero lake ndi kupanikizika kwa kuntchito kosatha. Kuno kwathu, kafukufuku wa Maria Kim ndi anzake wa mu 2018 anapeza kuti 62 mwa 100 alionse ogwira ntchito yosamalira anthu a HIV amene anafunsidwa anali ndi vutoli.

Amene simunkagona m'kalasi mwanga mukukumbukira phunziro la mahomoni. Munthu akaona zoopsa, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamaliza belu. Uthenga umadutsa ku hypothalamus ndi pituitary mpaka ku tizigawo tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa cortisol. Mtima umathamanga, shuga amachuluka m'magazi, munthu amakonzeka kuthawa kapena kumenyana. Zimenezi n'zabwino ukakumana ndi njoka panjira. Koma namwino amene odwala atatu akumuitana nthawi imodzi, mankhwala mulibe, belu lake silisiya kulira.

Chimavutika ndi chigawo cha pamphumi, prefrontal cortex, chimene chimatithandiza kuganiza tisanayankhule, kukumbukira zoti tichite ndi kuugwira mtima. Tinene kuti ndiye hedimasitala wa ubongo. Ivanka Savic wa ku Karolinska ku Sweden anajambula ubongo wa anthu otheratu ndi ntchito, ndipo mu 2015 anaonetsa kuti amygdala yawo inali yokulirapo pomwe mbali ina ya chigawo cha pamphumichi inali yopyapyala. Belu lakula mawu, hedimasitala wafooka. Ndiye mukudabwa kuti mwana wofatsa uja anandikalipira?

Onjezanipo kusagona. Ofufuza a ku Australia anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 24 amagwira ntchito ngati woledzera amene sangaloledwe kuyendetsa galimoto. Dalaivala wotere timam'tsitsa, koma namwino wotere timam'patsa jakisoni kuti abaye mwana wathu.

Nkhani yabwino ndi yakuti ubongo umatha kubwerera. Mu 2009 Conor Liston ndi anzake ku America anayeza ophunzira udokotala amene ankakonzekera mayeso aakulu. Chigawo cha pamphumi chija chinali chitasokonekera, koma patatha mwezi umodzi mayeso atadutsa, chinabwerera mwakale. Mankhwala ake anali kuchoka kwa chopsinjacho.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi aja amene amaitanira anamwino ku semina ya tsiku limodzi n'kuwauza kuti azipuma mpweya mwakuya. Kupuma mwakuya, kuthamanga ndi kupemphera zimathandiza ndithu. Koma kafukufuku wa mu 2017 wa Maria Panagioti, amene anasonkhanitsa zoyesa zambiri pakati pa madokotala, anapeza kuti kusintha kayendetsedwe ka ntchito kumathandiza kwambiri kuposa kulangiza munthu payekha. Choncho boma lilembe ntchito anamwino amene anamaliza maphunziro koma ali pakhomo. Malipiro akwane kuti lokamu isamadye tsiku lopuma. Wochoka ku naiti azikagona, ndipo tchuthi chisamakhale chopempha mogwada. Wodwala akamwalira, ogwira ntchito azikhala pansi mphindi zochepa n'kukambirana, m'malo moti aliyense apite nazo kunyumba. Akuluakulu nawo aziyamba afunsa asanadzudzule.

Sindikuikira kumbuyo nkhanza. Womenya mayi woyembekezera kapena woba mankhwala alangidwe. Koma akulu anati ng'oma yolira bwino siichedwa kung'ambika, ndipo kawirikawiri amene amatheratu ndi aja odzipereka kwambiri.

Aphunzitsi anzanga, tisaseke. Tsiku lija munakalipira mwana wosalakwa mutachonga mapepala usiku wonse, linali belu lomweli.

Malume anatuluka, ali bwino. Ndisanachoke ndinam'pititsira mtsikana uja tiyi ndi mandasi, ndipo anaseka monga ankasekera ku Fomu 4. Inu ana anga amene muli m'zipatala, ndilembereni m'munsimu kuti mumagona maola angati.