ZA PA BANJA: Mwana Akapempha Ukulele

Cimanga ndi nshawa zikagulitsidwa, m'manyumba ambiri a kuno ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza ana amayamba kuchula zofuna zao. Pakati pa zopempha za masiku ano pali kagitala kakang'ono ka nsambo zinai, dzina lake ukulele, kamene ana amakaona pa foni ndi pa wailesi ya kanema. Ife tikuti pempho limeneli nloyenera kulimvera, pakuti mwana woimba mu kwaya ya parishi timadziwa kumene ali madzulo. Koma ndalama imene ikagule ukulele ndi yomweyo imene ikuyembekezeredwa ndi feteleza ndi yunifomu, motero nkofunika kuti isatayike pa cinthu cacabecabe.

Cida cimeneci cinabadwira m'manja mwa anthu osauka. M'caka ca 1879 sitima ya pamadzi yochedwa Ravenscrag inafikitsa ku Hawaii Apwitikizi ocokera ku cisumbu ca Madeira, okagwira nchito m'minda ya nzimbe. Pakati pao panali akalipentala atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, amene anayamba kusema timagitala tofanana ndi ta kwao, ndipo Mfumu Kalākaua inatikonda kwambiri. Kwa ife nkhani yotere si yacilendo. Ndani sanaonepo anyamata a m'midzi yathu akupanga banjo ya cigubu ca mafuta, nsambo zake waya wa buleki ya njinga? Nyimbo za kalindula zinakulira pa zida zotere pamodzi ndi babatoni. Conco bambo amene alibe ndalama caka cino asacite manyazi kukhala pansi ndi mwana wace nkumusemera banjo. Zala zidzaphunzira ndithu.

Kwa amene atsimikiza kugula, ciyambi ndi msinkhu. Ukulele wa soprano ndi wotalika masentimita ngati 53, wa concert ngati 58, wa tenor ngati 66. Mwana wa ku pulaimale amuyenera soprano, umenenso kawirikawiri ndiwo wochipa. Wacinyamata wa zala zikuluzikulu adzapeza mpata wabwino pa concert. Wa baritone tiusiye kaye, cifukwa kachunidwe kake nkosiyana ndi enawo.

Msampha waukulu uli pa zidole. M'masitolo ogulitsa zoseweretsa ana muli tinthu ta pulasitiki ta utoto wowala, tooneka ngati ukulele, koma tosagwira mau ngakhale kwa mphindi imodzi. Mwana akavutika nako sabata imodzi amaganiza kuti iyeyo ndiye alibe mphatso, nkuleka kuimba, pamene colakwa cili ndi cidaco. Ici ndico timaopa kuposa kutayika kwa ndalama.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Musapite nokha kokagula, inu makolo. Pemphani woimbitsa kwaya kapena woliza gitala wa mu mphakati wanu kuti akuperekezeni. Iye ayambe wachuna nsambo zinaizo kuti zikhale G, C, E, A, zimene anthu a kwaya amazidziwa kuti so, do, mi, la. Kenaka alize nsambo iliyonse yosagwira, ailizenso atadina pa kamzere kacitsulo ka nambala 12. Mau aciwiriwo ayenera kukhala omwe aja, kungoti okwera. Ngati do wasanduka cinthu cina, bwezani katunduyo ngakhale wogulitsa atsitse mtengo motani. Pa kamzere komweko nsambo isatalikire khosi la cida kupitirira mamilimita atatu, apo ai zala za mwana zidzapweteka msanga. Ayendetsenso cala m'mbali mwa khosi kuti amve ngati timizereto sitikuceka, ndipo aone ngati kamtengo kogwira nsambo pamimba pa cida nkomatika bwino. Zochunira za magiya, zonga za gitala, nzodalirika kuposa zongolowetsa m'bowo, zimene zimabwerera zokha.

Pa nkhani ya mtengo wopangira, ochipa ambiri ndi a matabwa opyapyala omatikiza, ndipo ife sitiona vuto pamenepo. Kutentha kwa mwezi wa October ndi cinyontho ca dzinja zimang'amba msanga thabwa lenileni lodula, pamene lomatikiza limapirira. Dzina la kampani lolembedwa mwaluso pamutu pa cida lisatikope. Ngakhale wogwiritsidwapo kale nchito ndi wabwino, malinga khosi lake likhale loongoka ndipo apambane mayeso aja.

Ngati m'masitolo a ku Down Shops kapena ku msika wa Kapata simunapeze, mwina mudzatuma wacibale wopita ku Lusaka kapena ku Lilongwe kudzera pa Mwami. Mumuuze kuti ayese cidaco asanalipire, ndipo agulenso nsambo zina zapadera. Zikhale za nayiloni. Waya wa gitala kapena wa njinga umakoka mwamphamvu mpaka kuzula kamtengo kaja. Nsambo zatsopano zimatamuka, conco kwa sabata imodzi kapena ziwiri zidzafuna kuchunidwa tsiku ndi tsiku. Musathamangire kunena kuti mwaberedwa. Pa foni pali mapulogalamu aulere othandiza kuchuna.

Kuphunzira kwake sikucedwa. Kodi ya C imafuna cala cimodzi cokha, pa mpata wacitatu wa nsambo yapansi, ndipo mwana akadziwa C, F ndi G7 angathe kutsagana ndi nyimbo zambiri za pa mapemphero a m'banja. Ciyambire 1963, pamene Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican unalimbikitsa nyimbo za makolo m'cipembedzo, ng'oma ndi magitala zapeza malo m'machalichi athu. Komabe za kulowa nao ukulele pa Misa, mwana ayambe wafunsa woimbitsa kwaya ndi abambo mfumu a parishi. Akayamba kuphunzira mwezi wa August, pofika pa 22 November, tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, angathe kuima pamodzi ndi anzake ndi nyimbo imodzi yoikonzekera bwino.