Akuti Nkhalango Idzadzisamala Yokha

Pali mawu amene afala masiku ano pakamwa pa anthu ena ophunzira, makamaka amene amadyera pa matabwa ndi migodi. Akuti tisade nkhawa ndi nkhalango zikuluzikulu za mvula yambiri, monga ya m'chigwa cha mtsinje wa Congo, pakuti nyengo idasinthapo kale ndipo nkhalangozo zidapulumuka. Ine ndikukana, abale anga. Mawuwa ali ndi mbali yoona, ndipo mbali imeneyo ndiyo akutigoneka nayo tulo.

Nzoona kuti nyengo idasinthapo. Umboni wake uli m'matope a pansi pa kanyanja ka Barombi Mbo, pafupi ndi Kumba ku Cameroon. Chaka ndi chaka mungu wa maluwa umagwera m'madzimo nukwiririka, kotero akatswiri akakumba matopewo amazindikira mitengo imene inkamera pa nthawi iliyonse. Adapeza kuti zaka 20,000 zapitazo, dziko litazizira ndi kuuma, nkhalango idachepa ndipo udzu udalanda malo ambiri. Zaka 2,600 zapitazo idaphwasukanso. Ena amati chidali chilala, ena amati nkhwangwa za alimi oyamba. Pambuyo pake mitengo idabwereradi.

Koma idabwerera bwanji? Apa ndi pamene anzathu aja amangoti zii. Idabwerera patapita zaka mazana angapo, anthu amene adaona kuwonongeka kwake ataiwalika kalekale. Mtengo ulibe miyendo yothawira. Umasamuka ndi mbewu zake, pang'ono chabe pa mbadwo uliwonse. Pakutha pa nyengo yozizira ija, kutentha kwa dziko kudakwera ndi madigiri ngati 5 m'zaka pafupifupi 10,000. Makono kwakwera kupitirira digiri imodzi m'zaka 150 zokha. Komanso kale mbewu ikagwa inkapeza nthaka yoidikira, pamene lero ipeza msewu wa malole a matabwa, munda ndi uvuni wa makala. M'chaka cha 2023 chokha dziko la Democratic Republic of Congo lidataya mahekitala opitirira 500,000 a nkhalango yachikhalire. Sindikuloza chala mayi wosauka wophikira makala, pakuti iye alibe pogwira. Ndikuloza akuluakulu amene ali ndi mphamvu yokonza zinthu, koma asankha kutitonthoza ndi nkhani za matope.

Ngati sakhulupirira, apite ku Lopé m'dziko la Gabon, kumene nkhalango ndi yotetezedwa ndi boma. Kumeneko akatswiri akhala akuyang'ana mitengo yomweyomweyo mwezi ndi mwezi kuyambira 1986. Pofika 2018 kubereka kwa zipatso kudali kutatsika ndi magawo 81 pa 100 alionse. Iwo akuganiza kuti mitengo ina imadikira usiku wozizira wa m'chilimwe kuti ichite maluwa, ndipo usiku wotero wayamba kusowa. Njovu za m'nkhalangomo, zimene zimadalira zipatso, zidayamba kuwonda, monga zidaonekera pa zithunzi za pakati pa 2008 ndi 2018. Tsono njovu ndizo zimameza mbewu zikuluzikulu ndi kukazitaya kutali pamodzi ndi ndowe. Wonyamula mbewu akafooka ndi njala, mtengo udzasamuka ndi yani? Munthu wodutsa pa ndege aona zobiriwira zokhazokha nati zonse zili bwino, pamene m'katimo muli njala.

Mwina wina anena kuti Gabon ndi kutali, ife zitikhudza bwanji? Amene amamvera za nyengo pa wailesi m'dzinja amadziwa bwino mawu akuti mphepo yochokera ku Congo. Mitengo ya kumeneko imakoka madzi m'nthaka niwatulutsira m'mwamba kudzera m'masamba, ndipo mphepo yachinyontho imeneyo ndi imodzi mwa zimene zimagwetsa mvula m'minda ya Malawi ndi Zambia. Amene akutiuza kuti nkhalango idzabwerera yokha patapita zaka mazanamazana atiuzenso chimanga chimene ana athu adzabzale pa zaka zodikirazo.