Mapeji 6 pa wiki, na anthu amene satopa kudandaula

Pa Citatu paliponse ku Britain kumatuluka magazini ya nthano za zithunzi yochedwa 2000 AD, ndipo tsiku lomwelo lisanathe owelenga ake amakhala atayamba kale kukangana. Wina akuti cithunzi ca pacikuto n'cabwino kupambana zonse za caka cino. Wina akuti nkhani yacitatu yamutopetsa, angoyembekezela kuti ithe. Winanso waika nkhani zonse pa mndandanda, kuyambila yomukondweletsa mpaka yomukwiyitsa, monga mphunzitsi amene acongela mayeso. Magaziniyi inayamba mu February 1977, ndipo mkangano umenewu ni wakale mofanana nayo.

Kwa amene sanaionepo: ni nthano zopeka za sayansi na za kutsogolo, mapeji 32, ndipo kawilikawili mumakhala nkhani 5 zosiyana, iliyonse na wolemba wake na wojambula wake. Nkhani iliyonse imapatsidwa mapeji 5 kapena 6 cabe, kenako iima, muyembekezele wiki ya mawa. Kope lililonse amalicha prog. Mkonzi wake, malinga na nthabwala imene asunga kuyambila paciyambi, ni Tharg, colengedwa cobiliwila cocokela ku nyenyezi ya Betelgeuse, cimene cimakamba kuti olemba na ojambula onse ni maloboti ake.

Pali anthu amene amaona kuti kuweluza nkhani pa mapeji 6 ni kupusa, kuli ngati kulawa ndiwo zisanapse n'kuyamba kunyoza wophika. Ife tili kumbali ya odandaula aja, olo kuti nthawi zambili amalakwitsa.

Coyamba, cizolowezi cimeneci sanaciyambe okha. Kampani ya IPC, imene inayambitsa magaziniyi, inali kuika kakuponi kakang'ono kakuti mwana alembepo nkhani zimene wakonda kwambili n'kutumiza pamodzi na kalata yake. Nkhani imene inali kutsalila pansi inali pangozi yocotsedwa. Mu prog yoyamba munali Dan Dare, ngwazi yakale ya m'ma 1950 imene anaiukitsa kuti ikope anthu. Judge Dredd, amene lelo ndiye nkhope ya magazini yonse, munalibe. Anabwela mu prog yaciwili, ndipo owelenga ndiwo anamukweza mpaka anakhala wosacotseka. Conco munthu amene lelo aika nkhani 5 pa mndandanda akucita nchito imene eni magazini anapempha ana kucita zaka zoposa 40 zapitazo.

Ndipo mantha oopa wowelenga wotele anaphunzitsa olemba nchito. Ngati udziwa kuti pa Citatu munthu adzakuweluza pa mapeji 6, sungawononge mapeji 4 pa moni. Cinacake ciyenela kucitika, ndipo peji yothela iyenela kumusiya munthu na njala. Pali kagawo kochedwa Future Shocks, tunkhani twa mapeji pafupifupi 4 tumene tumathela pomwepo na mapeto osayembekezeleka, ndipo ndiko olemba atsopano amayesedwela. A Alan Moore, amene pambuyo pake analemba Watchmen, anapitila mmenemo. A Grant Morrison nawonso. Makampani a ku America atayamba kutenga olemba na ojambula a ku Britain m'ma 1980, ambili anali anthu amene anaphikidwa na owelenga osaleza mtima amenewa.

Manje tiyeni tikambe pamene amalakwitsa. Mu 1984 a Moore na wojambula Ian Gibson anayamba The Ballad of Halo Jones. Halo si msilikali kapena wapolisi. Ni mtsikana wamba wosowa nchito, wokhala m'malo othithikana ochedwa Hoop, ndipo mbali yaikulu ya buku loyamba ni ulendo wopita kukagula zinthu ku mashopu. M'magazini yodzala mfuti na maloboti, nkhani yotele siinali yosavuta kuikonda pa wiki yoyamba. Lelo imachulidwa pakati pa nkhani zabwino koposa zimene 2000 AD inatulutsapo. Citsanzo ca masiku ano ni Brink, ya a Dan Abnett na a INJ Culbard, imene inayamba mu 2016. Ni nkhani ya wapolisi wofufuza, Bridget Kurtis, m'nthawi imene anthu anathawa dziko lapansi n'kukakhala m'zinyumba zoyandama mumlengalenga. Pamakhala mawiki pamene mapeji onse ni anthu awili akambilana m'cipinda. Wowelenga wa pa Citatu akakamba kuti palibe cacitika, sananame. Koma mukawelenga nkhani yonse pamodzi mumapeza kuti m'makambilano aja ndimo munabisika zonse.

Ndiye tikhulupilile ndani? Ife tiona kuti dandaulo lija likadali na nchito, cabe kuti limapita ku adilesi yolakwika. Siliyenela kupita kwa wolemba Brink. Liyenela kupita kwa mkonzi. Ubwino wa magazini ya nkhani 5 ni wakuti imodzi ingayende pang'onopang'ono pamene zinayi zikuthamanga. Vuto limabwela pamene nkhani zitatu zonse zafika pakati pa ulendo wake m'wiki imodzi, zonse zikufotokoza, palibe imene ikuphulika. Wiki imeneyo munthu walipila ndalama zonse n'kulandila prog yozizila, ndipo ali na ufulu wokamba. A Matt Smith, amene akhala mkonzi weniweni kumbuyo kwa Tharg kuyambila mu 2002, nchito yawo yaikulu ni kusakaniza kumeneku, ndipo palibe njila ina yodziwila ngati asakaniza bwino kupatula phokoso la owelenga.

Palinso mphoto zimene wowelenga wa wiki na wiki yekha ndiye amalandila. Mu 2012 munali nkhani zitatu zimene zinali kuoneka zosagwilizana: ya Judge Dredd yolembedwa na a Al Ewing, Low Life ya a Rob Williams, na The Simping Detective ya a Simon Spurrier. Kwa mawiki angapo anthu anali kuziweluza payokha-payokha monga mwa masiku onse. Kenako wiki ina, pothela pa nkhani yake, Dredd anaphwanya citseko, ndipo mutatembenuza peji munamupeza walowa m'cipinda ca nkhani yotsatila. Zitatu zonse zinali nkhani imodzi, ndipo palibe amene anauzidwa pasadakhale. Lelo nkhaniyo imagulitsidwa monga buku limodzi la mutu wakuti Trifecta, ndipo ni yabwino ndithu, koma cikuto ceniceni cimakuululilani cinsinsi. Ife amene tinazolowela kupenyelela magawo 10 a sewelo usiku umodzi pa foni sitingacipeze cimene anthu aja anamva pa Citatu limenelo.

Koma mkangano umene ife timauona kuti ni wolemela kwambili ni wa Dredd mwini wake. Anamupanga ni a John Wagner na wojambula wa ku Spain, a Carlos Ezquerra. Iye ni wapolisi, woweluza komanso wopeleka cilango, zonse munthu mmodzi, mumzinda wa Mega-City One kumene maloboti anatenga nchito ndipo anthu oculuka amangokhala m'zinyumba zitalizitali alibe cocita. Nkhope yake siionetsedwa. N'cifukwa cake owelenga sanakhululukile filimu ya 1995 pamene Sylvester Stallone anavula cisoti, ndipo anakonda ya 2012, imene inajambulidwa ku Cape Town na Johannesburg, pamene Karl Urban sanacivule mpaka kumapeto.

Funso limene limabwelanso pafupifupi wiki iliyonse ni lakuti: kodi munthu uyu ni ngwazi kapena ni cilombo? Wiki ina amapulumutsa mzinda wonse, monga mu The Apocalypse War ya 1982, ndipo wowelenga amawomba m'manja, olo kuti populumutsapo anafafaniza mzinda wa adani pamodzi na anthu ake onse. Wiki ina amatsekela munthu m'ndende pa mlandu wopanda pake, ndipo wowelenga yemweyo amaseka. Olemba sanalole kuti kusekako kukhale kwaulele. Mu 1986 panatuluka Letter from a Democrat, nkhani ya mayi wofuna demokalase amene aphedwa na oweluza. Mu 1987, mu Revolution, Dredd amasokoneza ulendo wamtendele wa anthu ofuna ufulu wovota, posewenzetsa mabodza, ziopsezo na anthu obisika oyambitsa cipolowe. Ndiye mu 1991 anthu a mumzindawo anapatsidwa mwayi wovota, ndipo anasankha kuti oweluza apitilize kulamulila.

Nkhani yothelayi imaluma cifukwa ovota aja amafanana na wowelenga. Munthu amene wiki iliyonse amaika Dredd pamwamba pa mndandanda wake, amene amadandaula kuti wiki ino sanamenye aliyense, wavota kale. Wacinyamata aliyense wokhala m'tauni, amene adziwa ulova komanso adziwa mmene anthu amalakalakila munthu wa dzanja lolimba umbava ukaculuka, angaimve nkhaniyi popanda womasulila. Ndipo kukangana kotele sikungathe m'buku limodzi. Kumafuna zaka, cifukwa Dredd amakalamba pamodzi na owelenga ake: caka cikapita kuno, cimapitanso kumeneko. Mu 1977 nkhani inali mu 2099, ndipo kusiyana kwa zaka 122 kumeneko kukalipo. Amene anamukonda ali na zaka 10 amamuona mosiyana ali na zaka 50.

Apa ndiye pamene timasiyana nawo odandaula ena. Pali dandaulo la munthu amene akuti nkhani iyi yalephela, ndipo pali la munthu amene akuti nkhani iyi si imene n'nali kuwelenga nili mwana. Laciwilili n'loopsa. Ana amene anagula prog yoyamba lelo ali pafupi zaka 60. Kampani ya Rebellion ya ku Oxford, yopanga masewela a pa kompyuta, imene inagula magaziniyi mu 2000, inayesa kwa zaka zingapo kutulutsa makope apadela ochedwa Regened, olembedwela ana na acicepele. Owelenga ena akale anakwiya kuti alipila prog imene si yawo. Tingamvetse za ndalamazo, ndipo si nkhani zonse za mmenemo zinali zabwino. Koma 2000 AD inayamba monga magazini ya ana yogulidwa na ndalama ya maswiti. Munthu amene analowela pa khomo limenelo, akakwiya kuti linatsegulidwanso kanayi pa caka, waiwala kumene anacokela.

Cikondi ca zakale cili na mphamvu m'magaziniyi. Johnny Alpha wa mu Strontium Dog anaphedwa mu 1990, m'nkhani imene a Ezquerra anakana kujambula, ndipo patapita zaka 20 iwo na a Wagner anamuukitsa. Ambili anakondwela, ndipo zojambula za a Ezquerra sizinakalambe. Koma peji iliyonse yopatsidwa kwa ngwazi youkitsidwa ni peji imene Halo Jones wa mawa sadzaipeza, ndipo mapejiwo ni 32 cabe.

A Ezquerra anamwalila mu 2018. A Wagner, obadwa mu 1949, masiku ano amalemba Dredd mwa apo na apo, ndipo mawiki ambili amalembedwa na anthu monga a Rob Williams, a Michael Carroll na a Ken Niemand. Conco dandaulo limene likumveka kwambili manje ni lakuti Dredd wa wiki ino sakamba monga wa a Wagner. Nthawi zina n'zoona: wa a Wagner amakamba mawu ocepa, ndipo nthabwala yake imabwela nkhope ili gwa. Wolemba akamupatsa mawu ambili, khutu la wowelenga wakale limamva msanga, ndipo ni bwino kuti akambe. Koma olemba amenewa nawonso anakulila pa magazini yomweyi, ndipo ena a iwo alemba Dredd kwa zaka zoposa 10. Wowelenga amene anayamba mu 2015 Dredd amene amamudziwa ni wawo, ndipo akatsegula nkhani za 1977 angadabwe kupeza munthu wowonda, wolankhula mofuula, wokhala na loboti yomutumikila kunyumba.