Gogo Akaiwala Dzina Lanu, Akadali Munthu

Tsiku lina ndili ndi ophunzira anga mu wodi, anabwera ndi agogo ena ali ndi bala la mwala pamphumi. Anyamata anawapeza mbandakucha pafupi ndi manda, chitenje chitagwa, akulephera kunena kwawo. Mudzi unagamula kuti agwa m'lichero la ufiti. Chikhalirecho agogowo anatuluka usiku kukafuna mwana wawo amene anamwalira kalekale, njira yobwerera n'kuwasokonekera.

Inu owerenga, amenewa ndi matenda. Azachipatala amawatcha dementia: ubongo umawonongeka pang'onopang'ono, munthu n'kumaiwala maina, njira, ngakhale kuti wadya kumene. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lapansi ali nawo, ambiri m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. BP yosasamalidwa, shuga, sitiroko ndi mowa zimawonjezera chiopsezo.

Chimene chimandiwawa ndi mawu amene ndimamva ngakhale kwa akhristu anzanga: "Amayi aja anatha kale, changotsala ndi thupi." Ndikukana. Buku la Genesis limaphunzitsa kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo silinena kuti ulemuwo umadalira nzeru. Monga mzamba ndalandira makanda ambirimbiri. Khanda silidziwa dzina lake, silikumbukira dzulo, koma palibe amakayika kuti ndi munthu, ndipo Mpingo umalibatiza. Nanga agogo asiye bwanji kukhala munthu chifukwa choiwala?

Mwina mukuti, munthu woiwala Mulungu ali naye bwanji pa ubale? Mneneri Yesaya, pa mutu 49, akutiuza kuti ngakhale mayi ataiwala mwana wake woyamwa, Mulungu saiwala anthu ake. Chigawenga chija pamtanda chinapempha Yesu kuti achikumbukire, ndipo zinakwana. John Swinton, amene anali namwino asanakhale mphunzitsi wa zaumulungu ku Aberdeen, anatsindika mfundo yomweyi m'buku lake la mu 2012: chimatigwiriziza ndi chakuti Mulungu amatikumbukira. Ine ndaonapo agogo osazindikira ana awo, koma mukayamba Kolona milomo yawo imatsatira.

Sindikubisa, kusamalira wodwala wotere n'kolemetsa. Amatukwana, amadziipitsira, amakunenani kuti mwaba ndalama zawo. Mwana wamkazi amene sagona usiku amatopa, ndipo kutopa si tchimo. Tchimo ndi lathu, tikamusiya yekha.

Tsono tichitenji? Wokalamba akayamba kusokonezeka, mupite naye kuchipatala. Kusokonezeka kwadzidzidzi nthawi zina kumachokera ku malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena kutsika kwa shuga, ndipo zimenezi zimachizika. Osamakangana naye, muuzeni dzina lanu modekha, ngakhale kakhumi. Mphakati ugawane masiku okakhala naye kuti womusamalira apumeko. Pemphani bambo mfumu adzamudzoze mafuta a odwala, ndipo ngati angathe kulandira, Ukaristia umufikire kunyumba. Wina akamutchula mfiti, imani pakati ndipo kanenani kwa amfumu ndi kupolisi, pakuti lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Agogo aja anatuluka bala litapola, akutchula wophunzira wanga dzina la mwana wawo womwalira uja. Mtsikanayo ankangovomera kuti "Wawa, amayi." Lamulungu lino, muone m'tchalitchi malo amene pankakhala wokalamba wina, mufunse kumene ali, ndipo mukamuyendere.