Kodi Tigule Kamera Yotani?

Anzanga, nonse mudziwa kuti teremu ino ena a ife tapangana kusonkha ndalama kuti tigule kamera imodzi ya tonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma mawu agawika patatu. Ena ati tigule kamera yaikulu yagalasi lalitali monga ya atolankhani. Ena ati tifune yaing'ono yogwirapo kale ntchito m'masitolo a ku Limbe. Enanso ati zonsezi ndi kutaya ndalama chabe, popeza foni za abale athu zijambula bwino tikapita kutchuthi. Ine ndiganiza kuti tigule yaing'onoyo, ndipo ndalama zotsala tizitsukitsira zithunzi. Ndiloleni ndifotokoze zifukwa zanga.

Poyamba tikumbukire kumene zichokera ndalama zimene tisonkhazo. Ambiri a ife makolo athu agwira ntchito m'minda ya tiyi. Mayi alawirira m'mamawa mame ali mbuu, dengu kumsana, nathyola masamba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo malipiro ake atsata kulemera kwa tiyi pa sikelo. Ena agulitsa nandolo kapena nkhuku kuti mwana apite kusukulu ndi sopo. Kodi ndi bwino kuthera thukuta lotere pa chinthu chongofuna kutamika nacho? Kamera ya Brownie, imene kampani ya Kodak inatulutsa ku America mu 1900, inali kabokosi chabe ka mtengo wa dola imodzi, koma mabanja osawerengeka anasunga nkhope za makolo awo ndi kabokosi komweko. Chithunzi chikoma ndi maso a wojambula.

Tsono kwa anzanga amene ati zithunzi zilibe ntchito, nditi tulutsani ndalama ya K2,000 muyang'anepo. Mudzaona nkhope ya John Chilembwe, amene anafa mu 1915. Ife tonse tidziwa maonekedwe ake chifukwa anajambulidwa akali moyo. Mmodzi wa omujambula anali Mungo Murray Chisuse, Mmalawi mnzathu wa ku mishoni ya Blantyre, amene anaphunzira kusindikiza mabuku nakafika ndi ku Scotland komwe. Tsiku limene Chisuse anaimika kamera yake sanadziwe kuti ntchito ya manja ake idzathandiza mtundu wonse patapita zaka zoposa 100. Koma ndifunse: ndi angati a ife amene tinaona nkhope za makolo a agogo athu? Ambiri tingomva maina. Akuluakulu afotokoza kuti makolo ena anadza pansi kuchokera ku Mozambique, nawoloka Ruo kudzafuna ntchito m'maesiteti, koma nkhope zawo zinapita nawo kumanda.

Ngakhale kuno ku Thekerani zinthu zisintha ife tikuona. Kale dera lino linatchuka ndi nthochi, ndipo malole ankanyamula mikoko kupita nayo m'tauni, kufikira matenda a chisaka anawononga minda yambiri. Sitima ya anthu inkaima pa siteshoni yathu popita ku Makhanga, amayi nagulitsa malonda pa mawindo, mpaka madzi osefukira a mu 2015 anawononga njanji. Mwana wa ku pulayimale lero akafunsa kuti zinkaoneka bwanji, timuonetsa chiyani? Pakamwa paiwala, ndipo aliyense afotokoza zakezake.

Za foni sindikana kuti zijambula bwino. Koma foni si yathu, ndiponso malamulo a sukulu salola kuti tikhale nayo kuno. Kuwonjezera apo, foni ibedwa, igwa m'madzi, kapena mwini wake afufuta zithunzi zakale kuti apeze malo a nyimbo. Agogo kumudzi sangathe kuitsegula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: chithunzi chako ndi chimene chili papepala, chimene ungapachike pakhoma kapena kutumiza kwa malume ku Johannesburg.

Wina adzati mapepala nawonso awonongeka. Zoonadi. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagwetsa nyumba zambiri kuno ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo katundu anapita ndi matope. Chifukwa chake chithunzi chofunika tizitsukitsa ziwiri, china chipite kwa mwini wake, china chikhale m'buku lalikulu mu laibulale ya sukulu, ndipo aphunzitsi atisungirenso pa kompyuta. Umo ndi mmene achitira a Society of Malawi ku Mandala ndi osunga zakale a boma ku Zomba.

Tikagula kamerayo, pakhale malamulo atatu. Loyamba, tisathere batire pa nkhope zathu zokha titatsamira galimoto ya eni. Tijambule agogo akusenda chinangwa, ovina tchopa, amayi pa sikelo ya tiyi, msika, ndi ophika athu a kukhitchini amene atidyetsa tsiku ndi tsiku. Lachiwiri, tipemphe chilolezo tisanajambule munthu kapena kulowa m'munda wa esiteti, ndipo tisaike mnzathu pa Facebook kuti anthu amuseke. Lachitatu, kumbuyo kwa chithunzi chilichonse tilembe dzina la munthu, mudzi wake ndi tsiku. Chithunzi chopanda dzina chisanduka cha mlendo pakangopita zaka 30.

Aphunzitsi athu, tipempha kuti mmodzi wa inu atisungire ndalama ndi kamerayo, ndi kutiperekeza pokagula kuti tisanyengedwe ndi chikomekome cha nkhuyu. Ndipo inu anzanga, pamsonkhano wa Loweruka bwerani mutaganiza za munthu mmodzi wokalamba wa kwanu amene sanajambulidwepo. Ameneyo ndiye tiyambe naye.

Wophunzira wa Fomu 3