ZA NKHOKWE YA TSIKU LA TSOKA

Kwa Mafumu athu olemekezeka, ndi kwa abale onse a m'Bungwe lathu.

Tisanakomane pa msonkhano ulinkudzawu, tafuna kuika pamaso panu nkhani imodzi, kuti yense ayambe waisinkha ali kwao, nadze ndi maganizo okhwima. Nkhaniyo ndi iyi: kodi munthu wa pa nchito adzadya ciani, iye ndi ana ace, pamene nchito yatha ndi matenda amgwira nthawi imodzi? Pakuti taona kuti ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi. Matenda akakhalitsa amathetsa nchito, ndipo nchito ikatha, njala ndi nkhawa zimaitana matenda.

Ambiri a inu mumdziwa mbale wathu uja, amene dzina lace sitilichula pano, kalaliki wa m'sitolo ina ya m'tauni, munthu wosamwa ndi wosamwaza. Iye anali atasunga ndarama zolingana ndi malipiro a miyezi iwiri, ndipo ife anzace tinamuyesa wolemera. Caka catha anayamba kutsokomola ndi kuonda, ndipo kucipatala anampeza ndi cifuwa cacikuru. Mankhwala anampatsa aulere, monga acitira m'zipatala za Boma. Koma ulendo wa pa minibasi sunali waulere, mazira ndi mkaka ndi nsomba zimene anamuuza kuti azidya sizinali zaulere, ndipo mwini nyumba sanaleke kufika pakutha pa mwezi. Akazi ace analeka malonda ao a tomato kuti amdwazike, kotero kuti banja limene linali ndi opezera awiri linatsala lopanda ndi mmodzi yemwe. Mwezi wacinai eni sitolo anacepetsa anchito, ndipo iye ndiye anayamba kulandira kalata. Mwezi wacisanu njinga inagulitsidwa, mwana wamkuru anakhala pakhomo cifukwa ca fizi, ndi mwini wace anakagogoda kwa munthu wa katapila. Lero wacira, ndipo tikondwera naye. Koma matenda atatha ngongole yatsala, ilinkukula mwezi ndi mwezi.

Tsono tisanene kuti mbale wathuyu anali wopusa, iai. Colakwa cinali pa muyeso, ndipo za muyesowo tipempha kuti muchere khutu. Lamulo la za nchito la caka ca 2000 linena kuti munthu amene wagwira nchito miyezi 12 pa malo amodzi, akadwala naonetsa kalata ya dokotala, alandire malipiro athunthu masabata 4, ndi theka la malipiro masabata 8, pa caka cimodzi. Onse pamodzi ndiwo masabata 12, ndiyo miyezi itatu yosakwana bwino. Koma mankhwala a cifuwa cacikuru munthu amamwa miyezi 6 osadumphitsa, ndipo angakhale ena amalimba msanga, ena mphamvu zimacedwa kubwerera. Ndiponso alipo matenda, monga a impso ndi kufa ziwalo, amene sawerengedwa ndi miyezi konse. Cotero malipiro amayamba kutha wodwala asanafike ndi pakati pomwe pa mankhwala ace, ndipo apa ndipo agwera mabanja athu. Ndarama za penshoni, zimene kuyambira 2011 bwana aikapo magawo 10 pa 100 ndi wanchito magawo 5, ziri zabwino ndithu. Koma zinaikidwira ukalamba, ndipo sizituruka tsiku limene ufa watha m'nyumba, pakuti pali makalata ndi kudikira.

Ndipo nchito ingathe kutha kwa anthu ambiri pa tsiku limodzi, popanda mmodzi wolakwa. Akuru a pakati pathu akumbukira caka ca 1974. Pa 4 April ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, niipha anthu a kwathu oposa 70 amene anali kubwerera kucokera ku migodi. Pomwepo Boma la Dr Banda linaletsa kulemba anthu a ku Joni, ndipo m'zaka ziwiri amuna oposa 100,000 anabwerera kwao. Iwo amene anali atagula ng'ombe kapena makina osokera anapeza poimira. Koma iwo amene anadza ndi suti ndi wailesi zokha sanacedwe kukhala cimanjamanja. Ena anabwera nalo pfumbi la miyala m'mapapo mwao, limene linayamba kuwadya patapita zaka. Mlandu wa pfumbilo unagamulidwa m'caka ca 2019, pamene bwalo lalikuru la ku Johannesburg linabvomereza pangano lakuti makampani a migodi ya golidi alipire R5 biliyoni. Ndiko kunena zaka 45 cigwere ndege ija, ambiri a amunawo atagona kale kumanda. Makolo anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Tidziwa cimene ena adzatiyankha pa msonkhano. Adzati, "A Mlembi, tisunge ciani, popeza malipiro safika ndi pakati pa mwezi pomwe? Ndipo ndarama yosungidwa imasungunuka." Mau awa sitiwakana. Mu May 2022 Kwacha inagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100, ndi mu November 2023 ndi magawo 44, kotero kuti dola imene inali pafupi ndi K1,180 inafika pa K1,700 tsiku limodzi. Amene anaika ndarama pansi pa mphasa anadzuka atabedwa, mbala osaiona. Koma nankafumbwe sanaletse makolo athu kumanga nkhokwe. Anangowaphunzitsa kuimata bwino ndi kuthira phulusa. Cifukwa cace tiika pamaso panu mau atatu, kuti muwabvomereze, kapena kuwakonza, kapena kuwakana.

Coyamba, kwa munthu yense payekha. Muyeso wa nkhokwe yace ukhale miyezi 6. Sitinena malipiro a miyezi 6, pakuti amenewo ndi owerengeka angawafikire, koma cakudya, lendi ndi ulendo wa kucipatala wa miyezi 6. Awerenge zimenezi pamodzi ndi akazi ace, nayambe kupatula kagawo tsiku lomwe la malipiro, asanalowe mumsika. Cingakhale cimodzi pa khumi, cingakhale cocepa koposa, cacikuru ndi kusalekeza. Ndipo asaike zonse malo amodzi. Gawo lina likhale ku banki kapena ku SACCO, kumene angalitenge msanga. Gawo lina likhale matumba a cimanga ogulidwa pa nyengo yokolola ndi kuthiridwa mankhwala, kapena mbuzi, zimene mtengo wace umakwera pamene Kwacha itsika. Banki mkhonde tiitama, koma tikumbuke kuti ndarama zace zimakhala ziri m'manja mwa obwereka, ndipo pogawana kumapeto kwa caka zambiri zimathera ku feteleza ndi ku Khirisimasi.

Caciwiri, kwa Bungwe lathu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo matenda otalika amatha nkhokwe ya munthu mmodzi ngakhale ikhale yaikuru. Tipempha kuti pakhale thumba la tonse, losiyana ndi la maliro, losonkhedwa mwezi ndi mwezi monga msonkhano udzapangana. Lisabwerekedwe pa ukwati, kapena pa malonda, kapena kwa akuru a Bungwe. Liturutsidwe kokha kwa mbale amene nchito yamthera ndipo ali ndi kalata ya kucipatala, kuyambira mwezi umene malipiro ace aleka. Tidziwa kuti matumba otere anathetsa ubale m'mabungwe ambiri cifukwa ca osunga cuma osakhulupirika, ndipo amene aopa aopa ndi cifukwa. Cotero ndarama zikhale ku banki, zituruke ndi masaini a anthu atatu, ndi buku liwerengedwe mokweza pa msonkhano uliwonse. Mlembi wanu ali wokonzeka kukhala woyamba kufunsidwa.

Cacitatu, ndi ulemu wonse, kwa inu Mafumu athu. Munthu wa m'tauni nchito ikamthera ndi thupi likafoka, kwao ndi kwa inu, ndipo nkhokwe yace yotsiriza ndi munda. Tikupemphani kuti wodwala akadza kwa inu kufuna kugulitsa munda wace, musafulumire kucitira umboni, koma muyambe mwaitana eni mbumba, mumve ngati palibe njira yina. Pakuti wodwala amacira, koma munda wogulitsidwa subwerera. Tipemphanso kuti mudzutse mwambo wa dima, kuti munda wa munthu wogona ulimidwe pa nyengo yace ndi anansi ace. Ndipo mulankhule ndi abale a m'midzi, kuti mwana wao wa pa nchito akakana kupatula ndarama zace za tsoka asamuyese woumira. Pakuti tsiku limene iye adzagwa, katundu wace adzagwera iwo omwe.

Mbale wathu uja analola kuti nkhani yace ilembedwe, ndipo adzakhala nafe pa msonkhano. Sitifuna kuti mudzamumvere cisoni cokha ndi kubalalika. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Yense adze atawerenga kuti banja lace lingakhale miyezi ingati malipiro ataleka lero, ndi kuti angathe kusonkha zingati pa mwezi. Ndipo Mafumu amene sangathe kufika atumize nduna zao ndi mau ao, kuti nkhaniyi tidzaimalize tsiku lomwelo.

Ndife anu pa nchito ya Bungwe,
Mlembi.